Utsi wa Nedo mu Mowa wa Leda

Nedo Tognarelli anabadwira ku Pianarsa, mudzi wa nyumba zamiyala umene unakangamira pamsana pa phiri kumtunda kwa mzinda wa Lucca. Anabadwa nthawi imene anthu kumeneko ankadyabe kasitanya m'mawa, masana ndi madzulo: phala la ufa wake, timikate ta ufa womwewo, ndipo akafuna kusintha m'kamwa ankangomuphika ndi makoko omwe. Mtedza umenewu, wogwa m'mitengo ikuluikulu uli m'zikoko zaminga, ndiwo unalera mudzi wonse, koma panalibe mwana wouyamika. Aliyense ankalota tsiku lodzatsika phiri n'kukadya buledi woyera.

Bambo ake a Nedo anali ndi mitengo makumi asanu ndi limodzi, ndiponso kanyumba kowambira kamene makolo awo anamanga m'mphepete mwa nkhalango. Kanyumbako n'kamiyala, kopanda zenera. Pansi pamakhala moto, pamwamba nsanja yoyanikapo kasitanya. Motowo suyenera kuyaka lawi, suyeneranso kuzima. Umangofuka, wokwiriridwa ndi makoko a chaka chatha, masiku makumi anayi osalekeza. Nedo anaphunzira ntchitoyi misozi ili chuchuchu chifukwa cha utsi, ndipo atakwanitsa zaka makumi awiri anaithawa.

Anapeza ntchito yoyendetsa lole yotsitsa miyala yoyera kuchokera ku migodi ya pamwamba pa mapiri. Mwala umodzi wokha unkadzaza lole. Msewu wake unali wokhotakhota ngati matumbo, mbali imodzi thanthwe, mbali inayo phompho. Mnzake wina anagwera m'phomphomo chaka choyamba chomwecho. Kuyambira pamenepo Nedo ankachita mantha akagwira chiwongolero, ndipo Fosco, dalaivala mnzake wa m'mudzi momwemo, ndiye anamuuza mankhwala ake.

"Tambula imodzi ya vinyo usanalize injini, aise. Mantha amakhala m'mimba, ndiye umawamiza momwemo."

Fosco ankamwa imodzi n'kulekera pomwepo. Nedo analibe polekera.

Anakwatira Argia, mkazi wa mawu ochepa, wosoka zovala, ndipo anabereka mwana mmodzi, Leda. Nedo sanali chidakwa chomenya mkazi kapena chotukwana m'misewu. Anali chidakwa choiwala. Ankaiwala pamene waimika lole, ankaiwala zimene walonjeza, ankaiwala ngakhale nkhuku imene amutuma kukagula. Tsiku lina mu Januwale, Leda ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kunagwa chipale chofewa chambiri moti basi ya ana a sukulu inalephera kukwera phiri. Argia anatuma mwamuna wake kuti akatenge mwanayo m'tauni ya kumunsi. Nedo analowa m'bala panjira kuti atenthetseko m'mimba. Leda anadikira pageti mpaka aphunzitsi onse atapita, kenako anayamba kukwera wapansi, atavala nsapato zansalu. Anafika pakhomo dzuwa likulowa, milomo itabiriwira. Kuchipatala anamudula zala ziwiri za phazi lamanzere.

Mwina mungati Nedo anasiya mowa tsiku lomwelo. Sanasiye. Anamwa zaka zina zisanu ndi ziwiri, ndipo anamwa koposa kale, chifukwa tsopano chinalipo chimene ankafuna kuiwala mwadala.

Leda atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ananyamuka kupita ku mzinda wakutali wa Turin kukafuna ntchito. Pokwerera basi anakumbatira mayi ake nthawi yaitali. Atafika pa bambo ake anangotambasula dzanja ngati akutsanzikana ndi munthu wa kuofesi.

"Tsalani bwino, a Tognarelli."

Lachinayi la sabata yomweyo Nedo anatsika phiri n'kulowa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, mmene zidakwa zofuna kusiya zinkakumana. Miyezi yoyamba anadwala ngati wa malungo. Lole anaisiya. Popeza panalibe china chimene ankadziwa, anabwerera ku mitengo ya bambo ake, imene inali itazunguliridwa ndi minga ndi zitsamba zofika m'chiuno. Analambula, anasadza nthambi zouma, anakonza denga la kanyumba kaja. Moto wowambira sufuna munthu woledzera, ndiye unamuthandiza kudzigwira. Patapita zaka zingapo ufa wa Nedo unatchuka chigwa chonse, ndipo mabanja ena anayamba kubweretsa kasitanya wawo kuti awawambire pamodzi ndi wake.

Argia anakhala ndi mwamuna wosaledzera zaka makumi awiri ndi chimodzi, kenako mtima wake unaima tsiku lina m'mawa ali pa makina osokera. Leda anabwera kumaliro. Tsopano anali mayi wa zaka pafupifupi makumi anayi, wosakwatiwa, woyenda motsimphina pang'ono. Zaka zonsezo ankabwera mwa apo ndi apo kudzaona mayi ake, bambo ake n'kumangowapatsa moni. Ulendo uno anakhala masiku atatu. Tsiku lomaliza analowa m'chipinda chosungira ufa, anatapa pang'ono m'bokosi, ananunkhiza, n'kuika palilime.

"Kasitanya wa ufa uwu mwawamba ndinu?"

"Ndine."

"Nokha?"

"Nanga n'kukhalanso ndani? Achinyamata onse anatsika."

Leda ananyamuka kupita ku Turin tsiku lomwelo. Koma patatha chaka ndi miyezi anabwerera ndi lole yodzaza mbiya zachitsulo. Ku Turin anagwira ntchito zaka zambiri kumalo ofululira mowa, ndipo tsopano ankafuna kufulula wakewake, wothira kasitanya wowamba. Anapeza nyumba yakale imene anthu ankapangiramo tchizi, kumapeto kwa mudzi. Nkhaniyi anawauza bambo ake ali chiimire pakhomo pawo.

"Bambo," anatero, ndipo aka kanali koyamba kuwaitana choncho chichokereni pakhomopo, "ndikufuna kasitanya wanu. Wa wina ayi. Koma tigwirizane chimodzi. M'nyumba ya mowayo simulowa. Matumba muzisiya panja. Mukamva fungo, muzipotoloka."

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri sindinamwe, mwana wanga. Ukuyesa ndingagwe ndi fungo?"

"Sindikuyesa chilichonse. Ndikungokuuzani."

Chaka chimenecho Nedo anawamba ngati akukonzekera mayeso. Zitsa anachita kusankha chimodzichimodzi. Kanayi pa tsiku ankagwada pamoto paja n'kumayesa kutentha ndi kuseri kwa dzanja. Kasitanya atauma, atamuchotsa makoko, anali woyera, wolira ngati timiyala ukamugwedeza m'thumba. Anakasiya matumbawo panja pa khomo la Leda monga mwa pangano, n'kukakhala pa kakhoma kakafupi patsidya pa msewu.

Tsiku lofulula Leda anatuluka ndi kapu yofuka nthunzi.

"Uwu ukadali thobwa, sunawire. Mutha kulawa."

Nedo analawa. Unali wotsekemera ngati uchi, utsi ukumveka chapatali.

"Bwanji?"

"Wachepa mchere," anatero Nedo, nkhope ili gwa.

Leda anaseka mpaka kugwira khoma. Nedo anali asanamvepo kuseka kwa mwana wake ali wamkulu, ndipo anadabwa kuti amaseka ndendende ngati Argia. Anakhala pakakhomapo awiriwo mpaka kapu inazizira. Nyengo yozizira yonseyo Leda ankabwera Lamlungu lililonse kudzadya chamasana. Ankakangana za nkhuni, za nguluwe zokumba m'nkhalango, za denga lodontha. Za kale sankazikhudza, koma ankakhala mpaka khofi atatha.

Mowa unapsa mu Malichi. Leda anaulawitsa anthu Lamlungu lina, misa itatha, m'bala la m'mudzimo. Nedo anavala jekete la maliro a Argia, chifukwa linali lokhalo labwino, n'kuima pafupi ndi chitseko ndi tambula ya madzi. Fosco, amene tsopano anali nkhalamba ya mimba yaikulu, anamuona.

"Tamuonani woyera mtima uyu! Mwana wafulula mowa, bambo akumwa madzi ngati bulu."

"Bulu amakafika yekha kunyumba," anayankha Nedo. "Iwe amachita kukukoka."

Anthu anaseka. Koma panalinso mlendo, bambo wina wa ku Florence wolemba za mowa m'magazini, amene Leda anamuitana. Iyeyu anakweza tambula poyera, anaizunguza, analowetsamo mphuno, anamwa pang'ono n'kumachukucha m'kamwa ngati akutsuka mano. Kenako anameza.

"Mtundu wake ndi wokongola," anatero. "Thovu lili bwino. Koma utsi wachuluka, mayi, waphimba zonse. Amene anakuwambirani kasitanyayu dzanja lake ndi lolemera. Chaka chamawa mupeze wodziwa bwino, kapena mungogula woumitsa ndi makina."

Sankadziwa kuti nkhalamba ya pachitseko ija ndi ndani. Fosco anayesa kupeputsa nkhani.

"Wamva, Nedo? Akuti watimwetsa phulusa!"

Anaseka anthu awiri okha. Nedo anayang'ana Leda. Leda anali kulemba m'kabuku kake, ndipo osakweza mutu anangoti, "Zikomo, ndamva."

Mawu a mlendoyo sanamupweteke kwambiri. Chimene chinamupweteka ndi "ndamva" ameneyo. Sabata yonse anangokhala ngati wafedwa. Anapita ku kanyumba kaja, ananunkhiza makoma, anatafuna kasitanya wotsala. M'kasitanyamo utsi unali wokwana bwinobwino. Nanga mu mowamo? Wa positi anati utsi wachulukadi. Mayi wa pagolosale anati ayi, mowawo ngwabwino, mlendoyo ndi wonyada chabe. Mwamuna wake anati sakumvamo utsi n'komwe. Mudzi wonse unali ndi chonena, ngakhale anthu amene sanagwadepo pamoto wowambira. Munthu yekhayo wodziwa utsi ndiye analibe mawu.

Lachisanu Leda anapita ku Lucca kukasiya mowa m'masitolo. Nedo anadutsa pa nyumba ya mowa ija atasenza nkhuni, n'kuona makireti angapo ali panja. Anapitirira. Atayenda pang'ono anatula nkhuni, anabwerera, anasolola botolo limodzi n'kulibisa m'jekete.

"Ndingolawa n'kulavula," anadziuza. "Kulawa si kumwa."

Anakakhala pa mwala wa pakhomo pa kanyumba kowambira, dzuwa lili paliwombo. Anatsegula botolo ndi mpeni n'kuthira m'kabotolo ka uchi kotsuka. Mowawo unali wofiirira moderapo, ngati khoko la kasitanya wongogwa kumene, thovu lake lolimba, losafuna kuphwa. Anaika pakamwa. Poyamba kunabwera kutsekemera kwa timikate ta mayi ake. Kenako utsi, wofatsa, wosakanda pakhosi, utsi wa chitsa chouma chimene sichinaonepo lawi. Pomalizira kuwawa pang'ono kotsuka lilime. Zonse zinabwera motsatana, popanda cholanda malo a chinzake. Mlendo uja anangolakwitsa basi. Mwana wake anafulula mowa wabwino, ndipo iye anawamba bwino.

Anakumbukira kuti ayenera kulavula atameza kale.

Kutentha kunatsika m'chifuwa, kunafika m'mimba, n'kukhazikika ngati munthu wobwerera m'nyumba yake. Nedo anayang'ana botolo. Linali lisanafike n'pakati pomwe. Anaganiza zolikhuthulira pansi, ndipo anali wotsimikiza kuti atero, mpaka anaona kuti latha.

Lamlungu Leda anabwera monga mwa masiku onse. Ali mkati mwa kudya anati akuganiza zochepetsa kasitanya wowamba m'mowa wotsatira, n'kusakaniza ndi wa makina.

"Usayerekeze!" anatero Nedo. "Munthu wa ku Florence uja ndi mbuzi. Utsi uli bwinobwino. Umabwera pambuyo, kutsekemera kukatha, ndipo suchedwa pakhosi. Usasinthe kanthu."

Leda anaika foloko pansi.

"Mwadziwa bwanji?"

"Fosco ndiye amanena kuti..."

"A Fosco sasiyanitsa mowa ndi madzi otsukira mbale. Bambo, mwadziwa bwanji?"

Nedo anayang'ana m'mbale yake. Kunama anali ataiwala kale mmene amanamira.

"Botolo limodzi," anatero. "Limodzi lokha. Ndimafuna ndidziwe."

Leda sanakalipe. Anaimirira, anatsuka mbale yake, anaipukuta, anaibwezera pamalo pake, n'kutuluka. Tsiku lotsatira makireti onse anali atalowa m'nyumba, pachitseko pali loko watsopano.

Lokoyo sanathandize kanthu. Nedo sanakhudzenso mowa wa Leda. Anayamba kukwera basi kupita kumudzi wa tsidya lina la chigwa, kumene sankamudziwa kwenikweni, n'kumagula vinyo wotchipa wa m'zigubu. Poyamba kamodzi pa sabata. Pofika mu Juni zigubu zinali m'nkhuni, m'khola lakale, ngakhale m'bokosi la makina osokera a Argia. Ku kachipinda ka Lachinayi anasiya kupita. Kumeneko ankamutenga ngati mzati. Obwera kumene ankawalozera iye kuti aone kuti n'zotheka. Akanakawauza chiyani?

Leda ankabwerabe Lamlungu, koma ankadya msangamsanga. Kawiri anapeza zigubu n'kuzikhuthulira m'ngalande. Nedo ankalonjeza, ndipo polonjezapo ankanenadi zoona.

Kasitanya atagwa mu Okotobala, Nedo anadziuza kuti moto umuchiritsa monga unachitira kale. Anatola wake, analandira wa mabanja atatu, anadzaza nsanja, anayatsa. Masabata awiri oyamba anapirira. Sabata yachitatu kunabwera mvula yosalekeza. Tsiku lina masana anatsikira kunyumba kukasintha zovala zonyowa, n'kumwa tambula imodzi yochotsa kuzizira. Anakumbukira za moto patapita masiku atatu.

Atafika anapeza chitseko chili chotsegula, phulusa lili lozizira, Leda ali pamakwerero. Mayi wina wa limodzi mwa mabanja aja ndiye anaitana Leda ataona kuti padenga sipakufuka. Leda anapisa dzanja m'kasitanya n'kulitulutsa lili ndi chuku chotuwa. Chinyezi chinali chitakwera nsanja yonse. Zokolola za mabanja anayi zinangotsala za nkhumba.

Anatsika pang'onopang'ono, phazi lamanzere likufufuza popondera. Anapukuta dzanja pa thalauza.

"Wolakwa ndine," anatero. "Ndinabweretsa mowa pakhomo panu, ndikudziwa bwinobwino kuti ndinu ndani."

"Ayi, mwana wanga. Dzanja linali langa."

"Kaya linali la ndani. Ine sindingaonererenso zimenezi. Ndinaonerera kale ndili mwana, zinandikwana."

Khirisimasi itadutsa, lole inabwera kudzatenga mbiya zachitsulo zija. Leda anasamukira kuchigwa, pafupi ndi Lucca. Nedo anaonerera ali m'mitengo yake, lole ikutsika, ikubisika pokhota, ikuonekanso, mpaka nkhungu inaimeza.

Lachinayi lina mu Januwale galimoto yakale ya Fosco inaima pakhomo n'kuliza hutala.

"Kwera, chitsiru iwe."

"Tikupita kuti?"

"Ine ndikukagula misomali m'tauni. Iwe ukatsika pa tchalitchi. Usandithokoze, sindikufuna zamanyazi."

M'kachipinda kaja anthu anamusiyira mpando wake wakale. Itafika nthawi yake yolankhula anayang'ana pansi n'kunena kuti watha masiku anayi osamwa. Palibe anadabwa, ndipo zimenezo zinamupweteka ndi kumutonthoza nthawi imodzi. Chaka chimenecho anagwanso kawiri. Fosco sanaleke kubwera. Misomali imene wagula pofika lero ingamange tchalitchi china.

Tsopano Nedo ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri. Watha chaka ndi miyezi isanu osamwa, ndipo salonjezanso kanthu kwa wina aliyense. Mabanja aja anamukhululukira, amamupatsa moni bwinobwino, koma kasitanya wawo amapita naye ku makina a kuchigwa. Iye amawamba wake yekha, wochepa, wongokwana pakona imodzi ya nsanja, chifukwa chifuwa sichikumulolanso kukhalitsa mu utsi. Mitengo ya kumtunda yayambanso kumera minga.

Leda akufululabe mowa ndipo ukuyenda malonda, koma wa kasitanya anauleka. Amabwera kamodzi pa mwezi, Lamlungu, atanyamula buledi ndi nyama. Akatsika m'galimoto amawapsompsona bambo ake patsaya, ndipo amachedwapo pang'ono, kukoka mpweya mwakachetechete. Nedo amadziwa chimene mwana wake akufufuza. Amaima duu, n'kumufunsa za msewu, za mvula ya kuchigwa, dala kulankhula mawu ambiri pafupi ndi nkhope yake, kuti Leda asavutike kufunsa. Kenako amalowa m'nyumba n'kudya. Nthawi isanakwane 3 koloko Leda amayamba kufunafuna makiyi, akuti msewu wa phiri suyendeka bwino kukayamba nkhungu. Nedo amavomereza kuti n'zoonadi, suyendeka, n'kumuperekeza mpaka pageti.